Kuyeza DNA kukuthandiza kuzindikira udzudzu wofalitsa malungo

Udzudzu womwe umaoneka wofanana ngakhale pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono ukhoza kukhala wa mitundu yosiyana, ndipo kusiyanaku n'kofunika pamene boma likusankha njira yolimbanirana ndi malungo.

Mu Africa muno malungo amafala kwambiri kudzera m'magulu awiri a udzudzu, la Anopheles gambiae ndi la Anopheles funestus. Gulu lililonse lili ndi mitundu ingapo yapachibale yomwe ndi yovuta kuisiyanitsa ndi maso, koma khalidwe lake n'losiyana.

M'gulu la gambiae, mtundu wa Anopheles gambiae weniweni umakonda magazi a munthu ndipo umaluma m'nyumba usiku. Wa Anopheles arabiensis umaluma anthu komanso ng'ombe, ndipo nthawi zambiri umapezeka panja, pomwe wa Anopheles quadriannulatus umadalira ziweto ndipo sudziwika ndi kufalitsa malungo.

Izi zikutanthauza kuti masikito onyikidwa m'mankhwala ndi kupopera mankhwala m'makoma zimagwira ntchito bwino pa mtundu woyambawo, koma sizikwanira pa udzudzu woluma panja.

Njira yosiyanitsira mitunduyi poyeza DNA, yotchedwa PCR, idafalitsidwa m'chaka cha 1993 pa gulu la gambiae ndipo ya gulu la funestus idatsatira mu 2002.

Poyeza, akatswiri amangotenga mwendo kapena phiko la udzudzu. Makina amachulukitsa kachigawo kena ka DNA yake kambirimbiri mpaka kuoneka ngati kamzere. Kutalika kwa kachigawoka kumasiyana malinga ndi mtundu, choncho pomwe kamzereko kaima ndi pomwe pamaulula dzina la udzudzuwo.

Zomwe zidachitika m'dziko la South Africa zikusonyeza kufunika kwa ntchitoyi. Dzikolo lidasiya kupopera mankhwala a DDT mu 1996 n'kuyamba a gulu la pyrethroid. Malungo adakwera kwambiri m'chigawo cha KwaZulu-Natal mu 1999 ndi 2000. Atafufuza, akatswiri adapeza kuti Anopheles funestus, yemwe adali atatha m'deralo, adabwereranso ndipo sankafa ndi mankhwala atsopanowo. DDT adayambanso kupoperedwa mu 2000 ndipo odwala adachepa.

Kuno ku Malawi, udzudzu wina wogwidwa m'nyumba m'boma la Karonga unkaoneka ngati Anopheles funestus, koma utayezedwa sudaonetse kamzere ka mtundu uliwonse wodziwika. Mu 2009 akatswiri adalengeza kuti udali mtundu watsopano. Chaka chotsatira kafukufuku wina adasonyeza kuti Anopheles funestus wa pa chilumba cha Likoma sankafa ndi mankhwala a pyrethroid, omwe ndi amene amagwiritsidwa ntchito m'masikito ambiri.

Mndandanda wa mitunduyi ukukulirakulira. Mu 2013 udzudzu womwe unkatengedwa ngati Anopheles gambiae udagawidwa pawiri, ndipo mbali ina idapatsidwa dzina loti Anopheles coluzzii.

Kwa akuluakulu okonza ndondomeko za chuma ndi zaumoyo m'maboma, phunziro ndi lakuti kuwerenga chabe kuchuluka kwa udzudzu sikukwanira. Mankhwala ogulidwa popanda kudziwa mtundu womwe ukuluma anthu akhoza kuthera pa udzudzu wa ziweto, kapena pa udzudzu womwe sufanso nawo, uku ana ndi amayi oyembekezera akudwalabe.