Za Maulendo Obwerera ku Chiyambi cha Dziko, ndi Mafupa a m'Chigwa cha Luangwa

Madzi akatayika saoleka, anatero makolo athu, ndipo ndi mawu amenewa anagamula mlandu wa dzulo, kuti chimene chapita chapita ndithu, ngakhale munthu alire kufikira maso atatupa. Koma kwa zaka zoposa 100 tsopano alipo alembi a nthano kumaiko a kutsidya kwa nyanja amene akana kugonjera mwambiwu, nayamba kusimba za anthu okwera makina oyenda m'nthawi, amene akachoka pakhomo lero amakafika mawa kapena dzana. Wotchuka mwa oyamba ndiye H. G. Wells wa ku England, amene buku lake lotchedwa The Time Machine linatuluka mu 1895. Koma munthu wa m'buku limenelo analunjika kutsogolo, nakatera m'chaka cha 802,701. Ambiri mwa alembi obwera pambuyo pake anatembenuzira makinawo kumbuyo, ndipo chodabwitsa n'chakuti sanafune kuima pa masiku a agogo awo kapena a mafumu akale, koma anathamangira kutali kwenikweni, kunthawi imene kunalibe munthu, mudzi, khasu ngakhale moto.

Nthano imene yaposa zinzake kutchuka pa zimenezi ndi ya Ray Bradbury wa ku America, yotchedwa A Sound of Thunder, ya mu 1952. M'menemo muli kampani yotenga alenje olemera, aliyense atalipira madola 10,000, kupita nawo kumbuyo zaka mamiliyoni makumi asanu ndi limodzi kuti akaombe chilombo choopsa chotchedwa Tyrannosaurus. Eni kampaniyo si anthu osasamala ai. Amayamba atumiza munthu kukaona chilombo chimene imfa yake yayandikira kale, nachipaka utoto wofiira kuti alenje asaombe china. Amayala kanjira kachitsulo koyandama pamwamba pa nthaka, nalamula kuti wina asayerekeze kuponda pansi. Ndipo chilombo chikafa amachotsa ngakhale zipolopolo m'thupi mwake. Koma mlenje wina dzina lake Eckels, ataona ukulu wa chilombocho, anagwidwa nthumanzi, napatuka panjira, naponda m'matope. Pobwerera kwawo anapeza kuti malembo a pachikwangwani cha kampani asintha kalembedwe, ndi kuti munthu wankhanza amene anagonja pachisankho ndiye wapambana. Ndipo poyang'ana kunsi kwa nsapato yake, Eckels anapezako gulugufe wakufa.

Munthu wa kwa Msoro, kapena wa kulikonse m'boma la Mambwe, akamva nthano imeneyi sangaione yachilendo kwenikweni, pakuti dera la Lupande, limene lili m'mphepete mwa nkhalango ya South Luangwa, lakhala likulandira alenje otere kwa zaka zambiri: mlendo wachuma wodza ndi mfuti yake, katswiri womuperekeza ndi kumuuza poponda, chiphaso chonena nyama imene aloledwa kupha ndi imene saloledwa. Bradbury sanapeke ulendo watsopano. Anangotenga ulenje wa azungu wa ku Africa nausamutsira kumasiku akalekale. Ndipo pano, m'kuona kwanga, ndi pamene nthano zambiri za mtundu umenewu zimapunduka: dziko lakalelo zimaliona ngati tchire lopanda mwini, kumene mwamuna amapita kukayesa kulimba mtima kwake, osati ngati kumudzi kumene tonse tinachokera. Wa kuno amene njovu zamudyera chimanga usiku umodzi amadziwa kuti chilombo si chinthu chokaonera kenaka n'kubwerera kunyumba.

Komabe pa gulugufe uja Bradbury anakhudza chinthu chimene makolo athu anachidziwa kale. Achewa amasimba za Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, pamene Chauta anatsika ndi mvula pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, thanthwe likali lofewa, kotero kuti mapazi awo, ndi pamene anatula khasu, lichero ndi mtondo, zinadindika pomwepo kufikira thanthwe linauma. Anakhala mwamtendere mpaka tsiku limene munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri. Tchire linayaka, galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu, nyama zina zinathawira kuthengo zili ndi mkwiyo, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Nthano ziwirizi, ngakhale zinabadwira kutali ndi kutali, zimagwirizana ponena kuti pachiyambi zinthu zimakhala zanthete, ndi kuti kanthu kakang'ono kochitika pamenepo kamakula ndi mibadwo yonse yam'tsogolo.

Tsono kale lenilenilo n'lotalika bwanji? Kwa Msoro, munthu akati kale, angakhale akunena masiku a Leonard Kamungu, wansembe wa mpingo wa Anglican wochokera ku Nyasaland, amene anayambitsa mishoni pamenepo namwalirapo mu 1913; kapena akunena masiku amene Akunda anali kulowa m'chigwa. Koma tiyerekeze kuti chaka chilichonse ndi mita imodzi ya ulendo wapansi. Kukafika kwa Kamungu munthu sangatuluke n'komwe m'mudzi. Kukafika kwa munthu wakale amene chigaza chake chinakumbidwa mumgodi wa ku Kabwe mu 1921, chimene akatswiri amati chili ndi zaka pafupifupi 300,000, ndi ulendo wa makilomita 300, ndiko kunena theka la msewu wochokera ku Chipata kumka ku Lusaka. Koma kukafika kunthawi ya miyala ina ya m'chigwa cha Luangwa, munthuyo ayenera kuzungulira dziko lonse lapansi kasanu ndi kamodzi.

Pakuti chigwachi, makamaka chakumpoto kwake, kumadera a Sitwe ndi North Luangwa, chili ndi matope akale osanduka mwala amene ophunzira za nthaka amawatcha Madumabisa, ndipo m'menemo muli mafupa a zinyama za zaka zoposa 252 miliyoni zapitazo, madayinoso asanaoneke n'komwe padziko. Frank Dixey, amene anali mkulu woona za miyala ku Nyasaland, analemba za mafupa amenewa m'zaka za m'ma 1930, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 Alan Drysdall ndi James Kitching anatola ochuluka. Wofuna kuwaona amapita m'chilimwe, udzu utapsa, nayenda pang'onopang'ono m'mikwasa imene mvula yakumba pakati pa mitengo ya tsanya, maso ali pansi. Chimene amapeza poyamba sichioneka ngati fupa konse: ndi mwala wobulungira, wotuwa, wolemera m'manja, umene mwana woweta mbuzi angaugende popanda kuganiza, koma poutembenuza pamaoneka dzenje la diso, ndi msonga ya dzino itatulukira m'mbali.

Amene akanatera pamenepo ndi makina a Wells sakanazindikira kuti ali kwawo. Kunalibe udzu, kunalibe maluwa, ndipo m'mwamba munalibe mbalame ngakhale imodzi. Africa, South America, India ndi Antarctica zinali zolumikizana, dziko limodzi lalikulu. M'mbali mwa nyanja ndi m'madambo munkayenda zinyama zodya masamba, za mulomo wouma ngati wa fulu, zambiri mwa izo zili ndi mano awiri aatali okha, zimene amazitcha madayisinodonti. Ndipo zinali kusakidwa ndi magogonopsi, zilombo za mano otalika ndi akuthwa koopsa. Opanga mafilimu a ku Britain anachizindikira chilombo chimenechi, pakuti mu 2007, poyamba sewero la pa wailesi yakanema lotchedwa Primeval, anaonetsa chimodzi chitadutsa pa mng'alu wa nthawi ndi kutulukira m'nkhalango ya ku England; koma oonerera ambiri sanadziwe kuti abale ake a chilombocho agona m'nthaka ya Zambia.

Kenaka kunadza chionongeko chachikulu koposa zonse zimene dziko laonapo. Zaka pafupifupi 252 miliyoni zapitazo nthaka ya ku Siberia inalavula chiphalaphala cha moto kwa nthawi yaitali, mpweya unaipa, dziko linatentha, ndipo m'nyanja zazikulu munatha mitundu ya zamoyo pafupifupi 9 mwa 10 iliyonse. Ubwino wa chigwa cha Luangwa ndi wakuti chinasunga mbiri ya mbali zonse ziwiri, pakuti pamwamba pa Madumabisa pali miyala ina yotchedwa Ntawere, yosonyeza zimene zinapulumuka ndi kuswananso. M'menemo munapezeka kanyama kamene mu 1963 kanapatsidwa dzina la mtsinje womwewu, Luangwa drysdalli, ndipo m'bale wake wa mtundu womwewo anadzapezeka ku Brazil, umboni wakuti nyanja ya Atlantic inali isanang'ambe maiko awiriwa. Munapezekanso Lutungutali sitwensis, msuweni wa madayinoso, amene analengezedwa mu 2013.

Kanyama ka Luangwa kameneka n'ka banja la masayinodonti, ndipo ophunzira za mafupa amati m'banja limenelo ndimo munatuluka nyama zonse zoyamwitsa, kuyambira mbewa kufikira njovu, ndi munthu yemwe. Kanalibe ulemerero wa Tyrannosaurus, amene ndiponso sanapondepo mu Africa, pakuti kwawo kunali ku North America. Kanali kanyama kafupi, kotafuna masamba ndi mano am'mbali, kosayenera kupachikidwa pakhoma la mlenje. Koma mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mlembi wa kuno amene angafune kutumiza munthu wake kuchiyambi ali ndi nkhani yolemera kuposa ya kuomba chilombo: ya munthu wa ku Lupande woima pamaso pa kanyama kotere, mfuti ili m'manja, akudziwa kuti n'ka fuko limene iye mwini anachokerako.

Mafupa ambiri otoledwa m'masiku a atsamunda anapita kunja, ena ku Johannesburg kumene Kitching ankagwira ntchito, ena ku England, monganso chigaza cha ku Kabwe chimene chikali ku London ngakhale boma la Zambia lapempha kuti chibwezedwe. Amene akukumbidwa masiku ano ali m'manja mwa bungwe la National Heritage Conservation Commission, ndipo lamulo la dziko limaletsa munthu kuwatola kapena kuwagulitsa popanda chilolezo. Anzathu a ku Malawi anamanga nyumba ku Karonga, yotsegulidwa mu 2004, mmene mwana wasukulu angaime pansi pa chifaniziro cha mafupa a Malawisaurus, dayinoso wa m'boma lomwelo. Mwana wa kwa Msoro, kuti aone zinyama za m'chigwa chake, ayenera kuyenda ulendo wautali kutuluka m'chigwamo.