Ukathandiza Munthu Wosamudziwa Amene Mtima Wake Waima, Iweyo Umatsala Bwanji?

Amene munaphunzirapo chithandizo choyamba, kaya ku kalabu ya Red Cross kaya kutchalitchi, ndondomeko mukuidziwa. Munthu wagwa, sakuyankha, sakupuma bwinobwino. Mumaitana anthu, mumaika manja pakati pa chifuwa chake n'kuyamba kudinikiza. Ndiyo CPR imeneyo. Maphunziro ambiri amathera pamene galimoto yanyamula wodwalayo. Koma wodinikiza uja amatsala pamsewu, manja ali njenjenje, ndipo zimene zimamuchitikira usiku umenewo ndi masiku otsatira palibe amamuuziratu. Lero tikambe za munthu wotsalayu, ndipo tiyambire pa fizikisi, chifukwa mafunso ambiri amene amamuvutitsa mayankho ake ali mmenemo.

Ntchito imene manja amagwira

Chifuwa cha munthu wamkulu chimayenera kulowa mkati masentimita 5 mpaka 6 n'kubwerera, ka 100 mpaka ka 120 pa mphindi imodzi. Amene mwaphunzira lamulo la Hooke mukudziwa khalidwe la sipuling'i: ukamaikankha kwambiri, nayonso imakana kwambiri. Chifuwa chimachita chimodzimodzi.

Tiyerekeze kuti pakati ndi pakati mukukankha ndi mphamvu ya ma newton 300 pa mtunda wa mamita 0.05. Mukachulukitsa ziwirizi mupeza ma joule 15 pa kudinikiza kumodzi. Ka 110 pa mphindi ndi ma joule 1,650. Kukweza thumba la chimanga la makilogalamu 50 m'mwamba mita imodzi kumafuna ma joule pafupifupi 490. Ndiye kuti mphindi iliyonse mukugwira ntchito yoposa kukweza thumba lotere katatu, mutagwada, osapumira. N'chifukwa chake aphunzitsi a chithandizo choyamba amati ngati muli awiri muzisinthana mphindi ziwiri zilizonse. Mapewa ndi msana zikamapweteka mawa lake, musadabwe.

Mphamvu yochuluka chonchi nthawi zambiri imathyola nthiti, makamaka kwa anthu achikulire. Wodinikiza amazimva m'manja mwake, mwina ndi m'makutu momwe, ndipo ambiri chimene chimawakhalira kwambiri m'mutu n'chimenechi. Kuthyoka kwa nthiti kumachitika ngakhale kwa madokotala odziwa ntchito. Nthiti imapola pakapita milungu ingapo, pamene ubongo wosowa okosijeni umayamba kuwonongeka pakangotha mphindi 4 mpaka 6.

CPR imagula nthawi

Njira imeneyi inafalitsidwa mu 1960 ndi anthu atatu a ku Johns Hopkins, mumzinda wa Baltimore ku America: William Kouwenhoven, James Jude ndi Guy Knickerbocker. Kouwenhoven anali injiniya wa zamagetsi. Iwo ankafufuza za makina omenya mtima ndi magetsi, ndipo Knickerbocker anaona kuti akangodinikiza zitsulo zolemera za makinawo pachifuwa cha galu, magazi ankayenda pang'ono.

Mawu akuti "pang'ono" muwagwire bwino. CPR yochitidwa bwino imayendetsa magazi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a amene mtima wathanzi umapopa. Ntchito yake ndi kusunga ubongo wamoyo mpaka thandizo lina lifike. Kawirikawiri mtima umafuna makina otchedwa defibrillator, amene amasunga magetsi mu capacitor n'kutulutsa ma joule pafupifupi 150 mpaka 200 kamodzi n'kamodzi kuti mtima ubwerere pa kagundidwe kake. Ngakhale ku Britain, komwe ma ambulansi ndi makinawa n'zambiri, mwa anthu 10 amene mtima wawo waima ali kunja kwa chipatala, amene amapulumuka sakwana n'komwe mmodzi. Nanga kwathu kuno, komwe chipatala chimakhala kutali?

Okonda mpira taganizirani nkhani ziwiri izi. Pa 17 March 2012, Fabrice Muamba wa timu ya Bolton anagwa m'bwalo la White Hart Lane ku London. Dokotala wa mtima, Andrew Deaner, amene anangobwera kudzaonera mpira, anatsika kukathandiza. Mtima wa Muamba unakhala mphindi 78 osagunda paokha, koma anapulumuka. Pa 26 June 2003, Marc-Vivien Foé wa Cameroon anagwa m'bwalo ku Lyon, ku France. Madokotala analimbana naye nthawi yaitali, koma anamwalira. Konse kuwiri kunali akatswiri. Chimene chaimitsa mtima, mphindi zimene zadutsa, ndi zipangizo zimene zilipo, zonsezi zili ndi mbali yaikulu kuposa manja a munthu mmodzi.

Nanga kunjenjemeraku?

Mukaona munthu wagwa, kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala kamaliza belu la ngozi. Tiziwalo timene tili pamwamba pa impso timatulutsa adrenaline. Mtima umathamanga, chiwindi chimathira shuga m'magazi, magazi ambiri amapita ku minofu, m'mimba ntchito n'kuima. Izi n'zimene zimakupatsani mphamvu yokweza matumba aja osamva kutopa.

Ngozi ikatha, thupi silizima nthawi yomweyo ngati babu. Limakhala ngati mbaula imene mwaphulapo mphika koma makala akadali ofiira. Manja amanjenjemera, miyendo imafooka, kukamwa kumauma, ena amachita nseru, ena amalira, ena amangoseka osadziwa chifukwa chake. Palinso cortisol, amene amatenga maola kuti atsike, ndipo tulo timavuta. Ubongo nawo umasunga zinthu zoopsa mwamphamvu kwambiri koma mosalongosoka. Mutha kukumbukira mtundu wa malaya a munthuyo koma osadziwa ngati munadinikiza mphindi zisanu kapena makumi awiri.

Ine zinandipeza pa depoti ya minibasi, zaka zingapo zapitazo. Bambo wina wachikulire anagwa pafupi ndi pamene ndinaima. Ndinadinikiza, mayi wina amene anati ndi namwino anandilandira, tinasinthana mpaka anthu anapeza galimoto. Dzina la bamboyo sindinalimve. Kwa milungu iwiri ndinkadzuka pakati pa usiku ndikuwerenga wani, thu, fili mpaka 30, ndipo fungo la dizilo linkandibwezera pamalo paja. Mawerengero onse amene ndakupatsani pamwambapa ndinkawadziwa kale, koma thupi linkafunabe nthawi yake.

Kusadziwa mathero

Akakhala m'bale wanu, mumamva zonse. Akachira mumasangalala limodzi, akamwalira mumakhala nawo pamaliro, mumalira, anthu amakupepesani. Munthu wachilendo amangochoka ndi galimoto basi. Achipatala sauza munthu wapadera za wodwala, ndipo akuchita bwino, chifukwa chinsinsi cha wodwala chiyenera kusungidwa. Koma inuyo mumatsala ndi nkhani yopanda mapeto, ndipo mutu umaibwereza pofuna kuimaliza. Ndikanayamba msanga? Ndinadinikiza mokwanira? Kupuma kwa befu kuja, kodi sanali bwino?

Funso lomalizali liyankhidwe pompano. Munthu amene mtima wake wangoima nthawi zina amakoka mpweya mwa apo ndi apo, mokhala ngati akuliza nkonono. Kumeneko si kupuma kwenikweni, ndipo malangizo amati CPR iyambike ndithu.

Palinso mantha a pakamwa pa anthu. Pagulu sipalephera wina wonena kuti, "Iii, akumupweteka munthuyo, musiyeni!" Munthu akamwalira, mawu oterewa amabwerera m'mutu usiku. Kumbukirani kuti pamene munkagwada pansi, mtima wake unali utaima kale. Popanda wina womugwira, mwayi wake ukanatha m'mphindi zochepa. Inu munamupatsa mwayi umene panalibe.

Zimene zimathandiza

Tsiku lomwelo khalani pansi, imwani madzi, idyani kanthu ngakhale njala palibe. Musapite nokha kunyumba ngati miyendo ikukana. Sambani m'manja bwino, ndipo ngati magazi a munthuyo anakhudza bala lanu, maso kapena m'kamwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukafotokoze.

Uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira: mayi, bambo, amalume, aphunzitsi, abusa kapena shehe. Mukafotokoza nkhani kuchokera poyamba mpaka pomaliza, zidutswa zija zimayamba kukhala m'malo mwake. Ngati kuyankhula kukuvuta, lembani m'kope. Namwino kapena amene anakuphunzitsani chithandizo choyamba angakuyankheni mafunso a "ndikanati" aja. Pitirizani kupita kusukulu, kusewera mpira, kugona nthawi yake. Mowa ndi chamba zimangokankhira vuto kutsogolo.

Kwa anthu ambiri zinthu zimatsika zokha pakapita masiku kapena milungu ingapo. Koma mwezi ukatha mukulotabe zoopsa, mukuzemba malo aja, mukudzidzimuka ndi kanthu kakang'ono, kapena m'kalasi simukugwira kanthu, pitani kuchipatala. Vutoli madokotala amalitcha PTSD, ndipo thandizo lake lilipo. Ku Malawi kuno ana ndi achinyamata angathenso kuimba pa nambala yaulere ya 116 n'kuyankhula ndi aphungu. Maganizo ofuna kudzivulaza akabwera, musadikire mwezi, uzani munthu wamkulu tsiku lomwelo.

Ndipo akakhala mnzanu amene wadutsa mu zimenezi, funso loyamba lisakhale lakuti "Ndiye anapulumuka?" Mwina sakudziwa, mwinanso yankho lake ndi limene likumusowetsa tulo. Musamuzungulire kuti afotokoze kakhumi ngati filimu, ndipo musatumize mavidiyo a ngoziyo pa WhatsApp. Mufunseni ngati wadya, mumuperekeze kunyumba, ndipo pakatha mlungu mudzamufunsenso mmene akugonera.