Musanagule kamera, yambani mwainyamula

Pa Chiwelu mu Lusaka simusowa phwando: kuno kitchen party, uko matebeto, madzulo ukwati. Paliponse mupeza mnyamata kapena mtsikana ali ndi kamera pakhosi, ndipo ambiri renti amalipira ndi mapikicha omwewo. Manje ngati nanunso mwasunga tundalama kuti muloweko, musayambe ndi kufunsa ma megapixel. Funsani zitatu: ilema bwanji, ilimba bwanji ku mvula ndi fumbi, ndipo ikhala bwanji m'manja mwanu.

Tiyambe ndi kulema. Canon EOS 2000D, imene ambiri amayambira, ili ndi magalamu 475 chabe. Canon 5D Mark III ya 2012 ifika pafupifupi 950 batire ili mkati, pamene Nikon D750 ya 2014 ili pafupifupi 830. Makamera a mirrorless, amene alibe kagalasi kogubuduka mkati, apepukako: Sony A7 III ya 2018 ndi 650, Canon R6 ya 2020 ndi 680.

Koma nambala ya body yokha isakunamizeni. Lens ya Canon 70-200mm f/2.8 payokha ili pafupi ndi kilo imodzi ndi hafu. Muiike pa 5D, muonjeze flash, mwayandikira makilo atatu. Mu shopu mudzati palibe vuto. Yesani kuyenda nayo kuchokera 08 hours ku saluni kwa mkwatibwi mpaka 22 hours podula keke, khosi ndi msana zidzakuuzani.

Chachiwiri ndi nyengo yathu. Amene amapita kukajambula Nc'wala ku Mtenguleni mu February adziwa kuti mvula siichenjeza. Ku Kulamba ku Mkaika mu August kulibe mvula, koma fumbi la Gule Wamkulu lilowa paliponse. Apa ndiye pabwera chimene ogulitsa amatcha weather sealing: tumphira tung'onotung'ono totseka mipata ya mabatani, chitseko cha batire ndi cha ma card. 5D Mark III, D750, A7 III ndi R6 zili nato. 2000D ilibe.

Mumvetse bwino: kamera yotere ipirira mawawa ndi fumbi, siyosamba nayo. Makampani ambiri sanena n'komwe kuti ipirira madzi ochuluka bwanji. Mwa ochepa amene amaika nambala pali OM System, imene OM-1 yake ya 2022 ili ndi chizindikiro cha IP53 ndipo ilema magalamu 599. Chinanso, body yotsekedwa bwino siithandiza ngati lens ilibe mphira pamene ilumikizana ndi kamera. Ka 50mm f/1.8 ka Canon kamene tikonda maningi chifukwa chotchipa kalibe mphira imeneyo. Choncho pulasitiki ndi kathaulo zisachoke m'chikwama. Nyengo ya mvula ikani tumapaketi twa silica gel, apo ayi lens imera nkhungu mkati. Ndipo pa mirrorless, mukachotsa lens nthawi zambiri sensor ikhala poyera, ndiye musasinthire lens pakati pa bwalo la fumbi.

Chachitatu ndi manja anu. Body ing'ono ndi lens yaikulu zimagwera kutsogolo, ndipo ngati muli ndi manja aakulu kachala kothera kamalendewera pansi tsiku lonse. Onaninso sikirini: ya D750 ipendekeka, mukhoza kukweza kamera pamwamba pa mitu ya azimayi ovina n'kuonabe, pamene ya 5D Mark III siisuntha. Zonse ziwiri, pamodzi ndi A7 III ndi R6, zilandira ma card awiri. Card imodzi ikafa, mapikicha atsala pa inayo. Ukwati sabwereza chifukwa cha wojambula.

Batire nayo ili ndi nkhani. Pa muyeso wa CIPA, D750 ijambula mapikicha 1,230 musanatchajenso, A7 III 710. Koma A7 III itchajika ndi power bank pa USB, ndipo malaiti akapita usiku wonse mudzaiyamika.

Ambiri tigula za second hand, ndiye funsani shutter count. Shutter ya 5D Mark III ndi ya D750 inapangidwa kufika pafupifupi 150,000. Yang'anani ngati mphira zamatuka ndiponso ngati chitseko cha batire chitseka bwino.

Ngati nchito yanu ndi ya mu studio ndi tumapikicha twa pasipoti, 2000D ikukwanirani, ndalama yotsala mugule magetsi ojambulira. Ngati ndinu wa panja, pa maukwati ndi miyambo, lipirani ya mphira olo ikhale yakale. Koma iliyonse imene mwaikonda, pemphani ba shopu aikepo lens imene muzigwiritsa nchito, muinyamule mphindi khumi, ndiye mutulutse ndalama.