Masewero a ana si mdani wa madrasa

M'miyezi ya June ndi July, m'mapiri a Dedza mumazizira mwakuti ngakhale akuluakulu amazengereza kukhudza madzi a wudhu wa swala ya Fajr. Nkhungu imakuta Bembeke ndi Dedza boma mpaka dzuwa litakwera. M'kuzizira komweku ana a zaka zitatu, zinayi ndi zisanu amalawirira ku sukulu za mmera mpoyamba, ndipo masana ena mwa iwo amatsatira akulu awo ku madrasa. Kodi mwana wa msinkhu umenewu akafika kumeneko azikachita chiyani?

Makolo ambiri yankho ali nalo kale. Amafuna mwana akabwerako alakatule alif, ba, ta osaphonya, awerenge manambala m'Chingerezi, anene Surat Al-Fatiha pamtima alendo akumvetsera. Akabwera zovala zili matope okhaokha, n'kunena kuti lero amaumba ng'ombe, kholo limaona ngati ufa ndi soya zimene linasonkha pa phala la ana zapita pachabe. Mlezi, amene kawirikawiri ndi mayi wa m'mudzi momwemo wogwira ntchito mongodzipereka, amadziwa maganizo amenewa. Pofuna kukondweretsa makolo, amakhazika ana m'mizere, kuwabwerezetsa mawu m'mawa wonse, kamtengo kali m'manja.

Boma la Malawi linakhazikitsa ndondomeko ya mmera mpoyamba m'chaka cha 2003 ndipo linaiunikanso mu 2017. Sukuluzi zimayang'aniridwa ndi unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, ndipo zimene alezi amaphunzitsidwa n'zakuti mwana wosakwana zaka 6 amaphunzira kudzera m'masewero. Pakati pa Asilamu ena, mfundoyi imamveka ngati yobwera ndi mabungwe akunja. Kukayikira kotere kuli ndi mbiri yake. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali za mamishoni, ndipo makolo achisilamu ankaletsa ana awo kupitako poopa kuti akasiya chipembedzo. Ana awo anatsalira m'mbuyo pa maphunziro kwa mibadwo, ndipo mantha aja sanatheretu.

Komatu tikatsegula mabuku athu, nkhani ya masewero timaipeza momwemo. Imam Al-Ghazali, amene anamwalira m'chaka cha 1111, analemba m'buku lake la Ihya Ulum al-Din kuti mwana akaweruka ku maphunziro aloledwe kusewera masewero abwino kuti apumule, chifukwa kumumana masewero ndi kum'panikiza ndi maphunziro nthawi zonse kumapha mtima wake ndi kuzimitsa nzeru zake, mpaka amayamba kufunafuna njira yothawira. Ibn Khaldun, amene anamwalira mu 1406, anachenjeza m'buku la Muqaddimah kuti nkhanza pophunzitsa ana zimabala ulesi, bodza ndi chinyengo, popeza mwana amaphunzira kubisa za mumtima poopa dzanja la mphunzitsi. Anthu awiriwa anakhalako zaka mazanamazana Maria Montessori asanatsegule nyumba yake ya ana ku Rome mu 1907.

Chitsanzo chachikulu ndi Mtumiki Muhammad (SAW) mwini wake. Imam Bukhari anasunga Hadith yofotokoza kuti Mtumiki ankaswali atanyamula mdzukulu wake Umamah, akamasujudu n'kumutsitsa, akamaimirira n'kumunyamulanso. Tsiku lina anachedwa kudzuka pa sijida mpaka maswahaba anada nkhawa, pomwe chifukwa chake chinali chakuti mdzukulu wake anali atam'kwera pamsana, ndipo sanafune kum'dula masewero. Anas ibn Malik, amene anam'tumikira zaka 10 kuyambira ali mwana, anachitira umboni kuti Mtumiki sanam'kalipirepo. Ngakhale swala, nsanamira ya chipembedzo, makolo analamulidwa kuyamba kuiphunzitsa mwana akakwana zaka 7. Ngati swala ikudikira zaka 7, n'chifukwa chiyani mwana wa zaka zinayi azikwapulidwa chifukwa chosokoneza jim ndi kha?

Kuno ku Dedza nkhani ya dongo ndi yofunika kuikamba bwino, chifukwa ili ndi mbali ya chipembedzo. Dongo lilipo lambiri m'madambo, ndipo dzina la bomali limadziwika kutali chifukwa cha ziwiya zoumba. Ana amaumba ng'ombe, miphika ndi zidole popanda wowatuma. Makolo ena amaletsa zimenezi poopa kuti ndi mafano. Nkhawa yawo ndi yomveka, pakuti Chisilamu chimaletsa mwamphamvu kupanga zifanizo zopembedzedwa. Koma ma ulama ambiri anasiyanitsa fano ndi choseweretsa cha mwana, ndipo umboni wawo ndi Mayi Aisha, amene ankasewera ndi zidole pamodzi ndi anzake m'nyumba ya Mtumiki. M'buku la Abu Dawud muli nkhani yakuti Mtumiki anaona pakati pa zidolezo hatchi ya mapiko awiri, ndipo atafunsa, Aisha anam'kumbutsa za mahatchi a Mneneri Sulaiman. Mtumiki anaseka, osachotsa chidolecho. Kholo limene mtima wake sukhazikikabe lingathe kulimbikitsa mwana kuumba miphika, nyumba ndi magalimoto. Chimene chikufunika ndi zala zija. Mwana amene wakanya dongo, kulikulunga ngati chingwe n'kulipinda kukhala ba ndi kadontho kake pansi, zala zake zikukonzekera kugwira pensulo, ndipo chilembocho sachiiwala msanga.

Masewero ena a m'mudzi ali ndi maphunziro awoawo. Phada amaphunzitsa kuwerenga mabokosi ndi kudikira nthawi yako. M'masanje ana amagawana maudindo, amakangana n'kuyanjananso, ndipo mlezi wanzeru amalowetsamo Bismillah asanadye nsima ya dothi ija, salamu polowa m'nyumba, ndi kudya ndi dzanja lamanja. Khalidwe limeneli ndi adabu imene madrasa amafuna kuphunzitsa. Zitsononkho, zitsekerero za mabotolo ndi njere za nyemba zimakwanira kuphunzitsira kuwerengera ndi kusanja zinthu, popanda kugula kanthu m'sitolo. Ndipo m'nyengo yozizira, mwana amene akuthamanga chipako pabwalo amamva kutentha kuposa amene wakhala pansi pozizira kwa maola awiri.

Pali vuto linanso limene kuloweza kumaliphimba. M'madera monga a Mfumu Yaikulu Tambala, mabanja ambiri achisilamu amalankhula Chiyao pakhomo. Mwana wotere akafika Sitandade 1 amakumana ndi Chichewa ndi Chingerezi, pomwe ku madrasa akumva Chiarabu. Angathe kubwereza mawu m'zinenero zonsezi osamva ngakhale amodzi. Pamasewero amakakamizika kulankhula: kupempha mpira, kufotokoza amene wabera, kufunsa dzina la chinthu. Chinenero chimakula motero, ndipo mlezi wodziwa Chiyao ndi Chichewa amakhala mlatho wake.

Abale athu a m'mphepete mwa nyanja ya Indian anakumanapo ndi funso lomweli. M'zaka za m'ma 1980, atsogoleri a Asilamu ku Mombasa, m'dziko la Kenya, anadandaula kuti ana awo sakuchita bwino ku pulayimale poyerekeza ndi anzawo. Mothandizidwa ndi bungwe la Aga Khan Foundation, mu 1986 anayambitsa sukulu za mkombaphala m'nyumba za madrasa zomwe m'mawa zinkangokhala zotseka. Anaphunzitsa amayi a m'deralo uphunzitsi, anapanga zipangizo kuchokera ku zinthu zopezeka pafupi, ndipo anaphatikiza maduwa ndi nkhani za aneneri ndi masewero, kuwerenga ndi masamu. Ntchitoyi inafika ku Zanzibar mu 1990 ndi ku Uganda mu 1993. Chimene chinailimbitsa n'chakuti sukuluzo zinali m'manja mwa makomiti a anthu a m'deralo.

Si kuti kuloweza n'koipa. Qur'an yasungika m'mitima ya mahafizi kwa zaka zoposa 1,400, ndipo mwana wamng'ono amagwira msanga zimene akumva. Sura zifupizifupi angathe kuziloweza pozimva mobwerezabwereza kwa mphindi zochepa tsiku lililonse, mopanda chiopsezo. Chovuta ndi kusandutsa m'mawa wonse kukhala wa zimenezo, ndi kuyeza ntchito ya mlezi ndi kuchuluka kwa zimene mwana akulakatula.

Madrasa ambiri m'Malawi muno amayamba masana, ana akaweruka ku pulayimale, kotero zipinda zake m'mawa zimakhala zopanda anthu. Komiti ya mzikiti imene ingafune kutsegulamo sukulu ya mmera mpoyamba ingayambe ndi kukaonana ndi ofesi ya chisamaliro cha anthu ku Dedza boma, kuti sukuluyo ilembedwe m'kaundula ndiponso alezi apeze maphunziro. Zotsala ndi mphika wa phala, chimbudzi choyenera msinkhu wa ana, madzi osamba m'manja, ndi bwalo losesedwa bwino. Shehe nayenso ali ndi gawo lake pa khutba ya Lachisanu, chifukwa makolo amene sangakhulupirire mlezi pa nkhani ya dongo ndi masanje adzamvera akamva Hadith ya Umamah kuchokera pa mimbari.