Msangu, nkhokwe ya kaboni pakati pa chimanga

Mu Januwale, mitengo ina yonse itabiriwira, msangu umangoti mbuu, nthambi zokhazokha. Alimi a ku Salima ndi m'chigwa cha Bwanje ku Ntcheu sadabwa nazo. Masamba ake amayoyoka mvula ikamayamba, n'kuwolerana kukhala manyowa, ndipo chimanga cha patsinde chimawombedwa ndi dzuwa mosatchingidwa. Mizu yakenso imawonjezera nayitrojeni m'nthaka. N'chifukwa chake nkhwangwa imaulambalala.

Akatswiri a zanyengo amauwerengera phindu lina. Mtengo ukamakula umayamwa mpweya wa carbon dioxide, womwe ukutenthetsa dziko, n'kuusandutsa thunthu, nthambi ndi mizu. Pafupifupi theka la kulemera kwa mtengo wouma ndi kaboni. Chimanga nacho chimayamwa mpweyawu, koma posakhalitsa mapesi amapsa kapena kudyedwa ndi chiswe, wambiri n'kubwerera mlengalenga. Msangu umausunga zaka makumimakumi.

Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 m'magazini ya Scientific Reports adapeza kuti mwa kaboni yense wosungidwa m'zomera za m'minda padziko lonse, woposa magawo 75 pa 100 ali m'mitengo.

Umboni waukulu woti mitengo ingathe kubwerera m'minda uli ku Niger. Kuyambira mu 1983, Tony Rinaudo wa ku Australia ankalimbikitsa alimi a ku Maradi kusamalira mphukira za pazitsa m'malo mozisadza: kusiya zochepa zamphamvu, zina n'kuzitengulira. Panalibe nazale, panalibe machubu. Lero akuti mitengo pafupifupi 200 miliyoni idabwerera pa mahekitala okwana 5 miliyoni, yambiri mwa iyo misangu. Alimiwo sankaganiza n'komwe za kaboni. Ankafuna nkhuni, chakudya cha mbuzi ndi chotchinga mphepo yokwirira mapira ndi mchenga.

Kuno kwathu, kuyesa kudzala mitengo ya gliricidia pakati pa chimanga kudayamba mu 1992 ku Makoka, kufupi ndi Zomba, ndipo ofufuza adapeza kuti kaboni wa m'nthaka ya mindayo adachuluka kuposa wa m'minda ya chimanga chokha.

Mu 2016 dziko la Malawi lidalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030, ndipo gawo lalikulu ndi minda ya anthu. Povuta ndi apa: kaboniyo amakhalapo pokhapokha mtengo uli chilili. Msangu umatenga zaka zambiri usanayambe kulipira mwini munda, pomwe ogula makala ndi nkhuni pamsewu wa M5 amapereka ndalama tsiku lomwelo.