Kasitika Kamene Kanatsitsimutsa Mfuti ya Alamu Anga

Chipolopolo chikangotuluka mu mfuti chimayamba kugwa. Chithamange bwanji, nthaka imachikoka basi. Mfuti ya alamu anga ndi .308 Winchester, mtundu umene unatulukira ku America mu 1952 ndipo alenje a kuno ku South Africa amaukondabe kwambiri. Imalavula chipolopolo pa liwiro la mamita pafupifupi 800 pa sekondi. Koma ukaikonza kuti izimenya pakatikati pa mtunda wa mamita 100, pofika mamita 300 chipolopolocho chimakhala chatsika masentimita ngati 45, ndipo pa mamita 500 chimatsika msinkhu wa munthu wamtali. N'chifukwa chake pamwamba pa sikopu pali kagudumu kopotokola, kamene owombera amakatchula kuti turret. Ukakapotokola kamalira kuti tiki, tiki, ndipo pa sikopu ya alamu kiliki imodzi imakweza pomenya chipolopolo ndi sentimita imodzi pa mamita 100 alionse. Nkhani yonse yagona pa kudziwa kuti upotokole makiliki angati.

Apa ndi pomwe zinkavutira. Manambala amene a fakitale analemba pa kagudumuko sanena za mtunda, amangowerenga ma mil, muyeso wa kupendekeka kwa sikopu, kuchokera pa 0 mpaka 9 kuzungulira. Tsono alamu anali ndi kapepala ka makiliki kamene anakamata ndi tepi kumbuyo kwa mfuti, pafupi ndi pamene amagonekapo tsaya. Kapepalako kanali katada ndi thukuta ndi mafuta a mfuti, inki itayenderera, moti 3 ndi 8 sumatha kuwasiyanitsa. Maso awo amaona patali bwino kwabasi, koma pafupi amafuna magalasi. Ndiye taganizirani ntchito yake. Ayeze mtunda ndi kachipangizo ka laser, achotse diso pa sikopu, apise m'thumba, avale magalasi, atembenuze mfuti, apeze mzere woyenera, avule magalasi, ayambe kuwerenga makiliki chamumtima. Wina akangowayankhulitsa ali pa 23, chiwerengero chathawa, abwerere pa ziro ayambenso. Pa malo ophunzirira kuwombera amene timapitako kufupi ndi Pretoria anzawo ankatha kuwombera zitsulo zonse za chandamale iwo akadali pa chachiwiri. Munthu woti dzanja lake silinjenjemera n'komwe ankabwerera kunyumba ali ndwii, akunena kuti ukalamba wawapeza.

Mankhwala ake alipo kale m'masitolo. Kampani ya Leupold ya ku Oregon ili ndi dongosolo lotchedwa CDS: umawatumizira mbiri ya chipolopolo chako, iwo amakuzokotera kagudumu kolembedwa mitunda. A Kenton Industries nawonso amapanga timagudumu totere ta masikopu amitundu yambiri. Zinthu zake n'zokongola, koma sikopu ya alamu si ya Leupold, kuitanitsa katundu kuchokera ku America kumafuna madola ndi kudikira, ndipo tsiku limene wasintha mtundu wa zipolopolo kagudumu kozokota kaja kamasanduka chokongoletsera.

Ine ntchito yanga ndi yosindikiza masitika ndi zikwangwani. Titakhala pa khonde madzulo ena ndinawauza kuti, "Alamu, bwanji mitundayi tingoilemba pa kagudumu pomwepo? Mukamva 400, inu mupotokole mpaka pa 4, basi."

Anandiyang'ana kanthawi. "Mlamu, mukufuna kundimatira zamalonda pa mfuti yanga?"

"Mukapanda kuzikonda tidzamatula, sizisiya chipsera."

Ntchito yeniyeni inayambira ku malo owombera, chifukwa sitika imangobwereza zimene waiuza. Liwiro lolembedwa pa bokosi la zipolopolo linayesedwa pa mfuti ya ku fakitale, osati yako. Tinabwereka kamakina koyezera liwiro ka Garmin Xero, kakang'ono kokwana m'dzanja, ndipo liwiro lake tinalilowetsa mu pulogalamu ya pa foni ya Hornady pamodzi ndi kulemera kwa chipolopolo, kutalika kwa sikopu kuchokera pa mpope wa mfuti, kutentha kwa tsikulo ndi kukwera kwa malowo. Foni itapereka manambala ake, alamu anawayesa limodzi ndi limodzi pa chandamale, ndipo pamene foni ndi chandamale zinasiyana tinamvera chandamale. Tinatsala ndi makiliki 6 pa mamita 200, makiliki 15 pa 300, makiliki 25 pa 400, ndi makiliki 37 pa 500. Mitunda yapakati, 250, 350 ndi 450, tinaipezanso.

Kenako inafika mbali imene ine ndimaikonda. Ndinayeza kukula kwa kagudumu ndi vernier, kanapezeka mamilimita 35 modutsa pakati. Kuchulukitsa ndi 3.14 kunapereka mamilimita pafupifupi 110 kuzungulira konse. Kuti nditsimikize ndinadula kalamba ka pepala, kukazunguliza pa kagudumu, kuboola ndi singano pamene nsonga zake zinasanjikizana, n'kuyeza ndi rula pakati pa timabowo tiwirito. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kagudumuko kamalira makiliki 100 kuti kazungulire kamodzi, kutanthauza kuti kiliki iliyonse imatenga mamilimita 1.1 pa sitika. Zotsalazo ndi masamu a ku pulayimale. Mzere wa mamita 300 ukhale pa mamilimita 16.5 kuchokera pa ziro, wa 400 pa 27.5, wa 500 pa 40.7. Amene sikopu yake imawerenga MOA m'malo mwa ma mil, imene kiliki yake nthawi zambiri imasuntha mamilimita ngati 7 pa mamita 100, achite chimodzimodzi, angowerenga kaye makiliki a mzungulo umodzi.

Pa kompyuta ndinajambula kalamba kakuda, manambala oyera akuluakulu onenepa, 2, 3, 4, 5, oti munthu awawerenge opanda magalasi. Mitunda yapakati ndinaipatsa timizere tachikasu tatifupi, ziro ndinampatsa mzere wofiira. Kalambako ndinakachepetsa m'lifupi kuti timizere ta fakitale ta m'munsi tizionekabe, chifukwa tsiku lina munthu adzafuna kuwonjezera kiliki imodzi kapena ziwiri. Kumapeto, kumene kunatsala malo, ndinalemba ndi tizilembo ting'onoting'ono kulemera kwa chipolopolo ndi liwiro lake. Chinthu chimodzi chimene chimaononga ntchito ngati iyi ndi pulinta: ukaisiya kuti ikwanitse chithunzi pa pepala mwa nzeru zake, imachepetsa pang'ono osakuuza, ndipo mizere yonse imasuntha. Uyenera kusindikiza pa 100 peresenti, kenako uyeze ndi rula kalambako kasanachoke pa tebulo. Ndinasindikiza pa vinilo yosalowa madzi, pamwamba ndinakuta ndi pulasitiki yosanyezimira kuti dzuwa lisathobwe m'maso.

Pomata alamu anachotsa zipolopolo zonse, kusolola boti ya mfuti, kubweza kagudumu pa ziro. Tinapukuta mafuta ndi spiriti. Ndinagwira kalambako ndi kachitsulo kozulira nsidze ka achemwali, kulunjikitsa mzere wofiira pa kadontho ka sikopu, n'kukazunguliza pang'onopang'ono, chala chachikulu chikusisita pambuyo. Nsonga ziwiri zinakumana ndendende. Alamu anawerenga makiliki 15 maso ali kumbali, atayang'ana anapeza 3 waima pa kadontho. Anawerenga mpaka 37, anapeza 5. Anaseka mpaka achemwali anatuluka m'khitchini kudzaona chimene chachitika.

Loweruka lotsatira ndinali ine wotchula mitunda. "Alamu, 300!" Dzanja linapita pa kagudumu, diso lamanzere linangosuzumira, phaa! Chitsulo chinayankha, ngwee! "450!" Kamzere kachikasu, phaa, ngwee! Pa mamita 500 pali kanthawi kokoma kwambiri, chifukwa chipolopolo chimafuna nthawi kuti chikafike ndipo kulira kwa chitsulo kumafunanso nthawi kuti kubwerere, masekondi awiri onse mukungodikira. Kulirako kutafika, bambo wa imvi uja anadzuka pa mphasa yake akuvina ngati mwana amene wakhoza mayeso. Magalasi anakhala m'galimoto tsiku lonse. Anzawo aja amene ankawadikira anayamba kubwera mmodzimmodzi, kuwerama, kuyang'ana kagudumu, kufunsa kuti anakagula kuti.

"Kwa alamu angawa," ankayankha, akundiloza ndi chala, "ndipo pali mzere, mulembetse."

Chimene chinandisangalatsa koposa n'choti kuwombera kwawo kunakhazikika. Mutu umene unkatanganidwa ndi kuwerenga tsopano unapeza mpata woyang'ana udzu ndi fumbi kuti uone kumene mphepo ikulowera. Mphepo sitika siidziwa, imeneyo ndi ntchito ya mlenje mpaka kalekale.

Siidziwanso kuti mwasamuka. Johannesburg, kufupi ndi Pretoria kuja, ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka. M'mawa wozizira wa mwezi wa Julayi ku Karoo, kufupi ndi Beaufort West kumene alamu amakasaka nyama yotchedwa springbok, mpweya umalemerako ndipo chipolopolo chimagwa msanga. Pa mamita 200 kusiyanako n'kochepa, pa 500 kumaoneka. Choncho tinapanga sitika yachiwiri ya manambala obiriwira, yolembedwa kuti Karoo, ndipo atafika kumeneko anaiyesa pa chitsulo asanaloze nyama iliyonse. Yachiwiriyi inalekera pa 3. Iwo eni anati nyama yamoyo saiwombera kupitirira mamita 300, ndipo ine ndinagwirizana nawo ndi mtima wonse, chifukwa chitsulo ukachiphonya umangoseka, pamene nyama ukaivulaza imakafera kutali ndi ululu. Ulendo umenewo anabwerako ndi springbok ziwiri, iliyonse chipolopolo chimodzi.

Inu amene muli ndi mfuti ya chilolezo ndi sikopu yopotokola, musayambe ndi kujambula. Yambani mwayeza liwiro la zipolopolo zanu, mutsimikize makiliki anu pa chandamale, ndipo tsiku limene mwasintha zipolopolo mumatule sitika yakaleyo musindikize ina.