KAUFITI AMAYAMBA KUBA ASANAONEKE

Alimi ambiri amandifunsa chifukwa chake chimanga chimapinimbira ndi kufota ngati kuli ng'amba pomwe mvula ikugwa bwino. Kawirikawiri wolakwa ndi kaufiti wa maluwa ofiira uja, amene akatswiri amamutcha Striga asiatica. Kuti timugonjetse tiyenera kudziwa m'mene amakhalira.

Njere za kaufiti ndi zazing'ono ngati fumbi. Tsinde limodzi limatha kubala njere zoposa 50,000 ndipo zimakhala zamoyo m'nthaka zaka zoposa 10. Mvula yokha siyimeretsa njerezi. Zikanyowa kwa sabata imodzi kapena ziwiri, zimadikira timadzi tina totuluka ku mizu ya chimanga, mapira, mawere kapena nzimbe. Timadziti tikazifika m'pamene zimamera, kamuzu kake n'kuboola muzu wa mbeu yathu ndi kuyamba kuyamwa madzi ndi chakudya.

Kwa mwezi wathunthu kapena kuposerapo kaufiti amakhala pansi akuyamwa. Pamene tikumuona ku mizere, chimanga chavulala kale. Pakapita masabata ochepa amachita maluwa ndipo njere zatsopano zimayoyokera m'munda.

Koma ali ndi pofooka pake. Njere ikamera osapeza muzu woyamwa, imafa pa masiku owerengeka. Mizu ya thonje, soya ndi mtedza imatulutsanso timadzi tomeretsa njere zija, koma kaufitiyu sakhoza kuiyamwa. Ndiponso mankhwala omeretsawa anapezeka koyamba ku mizu ya thonje m'chaka cha 1966. Nchifukwa chake ndimalimbikitsa kasinthasintha wa mbeu: chaka chilichonse chimene mwadzala mbeu zimenezi, njere zambiri zimamera n'kufa ndi njala.

Chachiwiri ndi chonde. Chimanga cha pa nthaka yoguga chimatulutsa timadzi tija tambiri, motero chimadziitanira chokha mdani. Thirani manyowa kapena feteleza, ndipo dzalani nandolo pakati pa chimanga.

Chachitatu, zulani kaufiti asanachite maluwa. Ngati wachita kale, musamusiye m'khwawa poti njere zimakhwimabe. Muunjikeni kunja kwa munda ndi kumutentha. Sasani dothi ku makasu pochoka m'munda wogwidwa.

Alimi anzanga, nkhondo iyi si ya chaka chimodzi ndiponso si ya munthu mmodzi. Mphepo, madzi ndi ziweto zimanyamula njere kuchoka m'munda wa mnansi, choncho gwirizanani mudzi wonse kuti kaufiti asabale chaka chino.